Chimwemwe Chimene Mavuto Sanathe Kutilanda: Mawu Olankhulidwa pa Chikondwerero cha Zaka 50 za Parishi Yathu

 Ndikuthokoza komiti ya chikondwerero pondilola kuima pano, komanso pondilola kulankhula m'Chinyanja m'malo mwa mabanja amene makolo awo anabwera ku migodi kuchokera ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi, ku Malawi ndi ku Tete. Abale athu olankhula Chibemba, takhala tikulira maliro amodzi ndi kudyera mbale imodzi zaka zonsezi, tsono ndikudziwa kuti simusowa womasulira.

Mutu umene andipatsa ndi wa chimwemwe pakati pa mavuto. Kuno ku Kitwe, mlendo akafunsa njira ya ku Chimwemwe timangomulozera pokwerera minibasi. Chimwemwe chimene tikukamba lero njira yake ndi yaitali kuposa pamenepo. Funso limene ndikufuna tiliganizire limodzi ndi ili: mwa zaka 50 zimene tikuwerengazi, zambiri zinali zowawa. Nanga bwanji lero tavala zitenje zatsopano, tikuimba ndi kuvina? Kodi taiwala? Kapena tikudzinamiza? Ana athu akhoza kutifunsa zimenezi, ndipo ayenera kulandira yankho loona.

Njira imene tadutsa

Tiyambe ndi kukumbuka. Eklezia wa ku Copperbelt sanabadwire pa mkeka wofewa. Ansembe a chipani cha Fransisko Woyera ochokera ku Italy, motsogozedwa ndi Bambo Francis Mazzieri, anayamba ntchito yawo ku Bwana Mkubwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Nthawi yomweyo chuma cha dziko lonse lapansi chinali chitagwa, mgodi wa Bwana Mkubwa unatsekedwa mu 1931, ndipo anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito m'migodi. Amene anabwera kudzalalika Mthenga Wabwino anapeza anthu akumanga katundu. Sanabwerere kwawo. Bambo Mazzieri anadzakhala episkopi woyamba wa Ndola, anadzipereka posamalira odwala khate, ndipo anamwalira mu 1983 atakhala m'dziko muno zaka zoposa 50.

Parishi yathu nayo inayamba pa nthawi yovuta. Mitima ya anthu inali idakali ndi chilonda cha ngozi ya ku Mufulira, pamene pa 25 September 1970 matope analowa pansi pa mgodi n'kupha anthu 89. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa kwambiri, ndipo dziko limene linkadalira mkuwa pa chilichonse linayamba kukhalira ngongole. Akuluakulu muli pano mukukumbuka mizere ya sopo, ya shuga ndi ya saladi, pamene mayi ankadzuka tambala asanalire kuti akaime pa sitolo osadziwa ngati katundu abwera. Mu December 1986 mtengo wa unga utakwezedwa, kuno ku Kitwe ndi ku Ndola kunabuka zipolowe, ndipo anthu osachepera 15 anataya miyoyo yawo.

Kenaka kunabwera matenda a Edzi. Palibe banja muno limene silinakhudzidwe. Panali nthawi imene kwaya yathu inkaimba kumanda kawirikawiri kuposa m'tchalitchi, ndipo agogo amene ankayembekeza kupuma anayambanso kulera makanda. Misozi isanaume, migodi ya ZCCM inagulitsidwa. Pofika mu March 2000 mgodi wa Nkana ndi wa Mufulira inali m'manja mwa Mopani. ZCCM inali ngati bambo ndi mayi: nyumba, madzi, malaiti, chipatala, sukulu, ngakhale mpira, zonse zinkachokera kumeneko. Zonsezo zinatha m'zaka zochepa. Ambiri anatsala ndi nyumba ya kampani imene anaigula, koma m'nyumbamo munalibe chophika. Ndi nthawi imeneyo pamene tinaona tuntemba tukumera kutsogolo kwa mageti a ku Nkana East, mabwalo a maluwa akusanduka madimba a repu ndi chibwabwa, ndipo abambo amene anali mabwana pansi pa mgodi akuweta nkhuku kuseri kwa nyumba.

Sizinathere pomwepo. Mu 2015 antchito oposa 4,000 anachotsedwa ku Mopani. Pa 20 June 2018 mbali ya Black Mountain inagumuka n'kupha anyamata 10 amene ankafunafuna chakudya cha mabanja awo. Mu March 2020 matenda a Covid-19 anatsekesa matchalitchi, ndipo kwa nthawi yoyamba ambiri a ife tinachita Paskha popanda kulandira Ukaristiya. Mu 2024 chilala chinaumitsa minda, madzi anachepa ku Kariba, malaiti ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo owotcherera zitsulo, ometa tsitsi ndi ogulitsa nyama anasowa pogwira. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi, mtsinje wa Kafue unaipitsidwa ndipo mipopi ya mu Kitwe inauma kwa masiku angapo.

Imeneyi ndiyo mbiri yathu. Sindinaitchule kuti ndikuchotseni chisangalalo. Ndaitchula chifukwa aliyense wolankhula za chimwemwe kwa anthu amene adutsa m'zoterezi ayenera kusamala lilime lake.

Zimene chikhulupiriro chathu sichinena

Choyamba, chikhulupiriro chathu sichinena kuti mavuto ndi abwino. Njala ndi yoipa. Kuchotsedwa ntchito n'kowawa. Imfa ya mwana ilibe mbali yokoma. Ambuye Yesu mwini wake analira pa manda a bwenzi lake Lazaro, ngakhale ankadziwa zimene adzachite. Mkhristu akalira sanachimwe, ndipo amene amauza wamasiye kuti apukute misozi msanga posonyeza chikhulupiriro amamuwonjezera katundu.

Chachiwiri, sichinena kuti wovutika ndi wochimwa kuposa anzake. Pa mutu 9 wa Mthenga Wabwino wa Yohane, ophunzira anafuna kudziwa amene analakwa kuti munthu wina abadwe wosaona, ndipo Ambuye anakana maganizo amenewo. Komabe mpaka lero timamva manong'onong'o pa maliro: uyu analodzedwa ndi azakhali ake, uyo anatembereredwa. Nkhalamba zambiri zanyozedwa, mabanja agawanika, chifukwa chofuna munthu womuloza chala.

Chachitatu, sichinena kuti wopemphera bwino sadzaona vuto. Apa ndilankhule momasuka, chifukwa nkhaniyi yatilanda ana ndi abale ambiri. Masiku ano kuli alaliki amene amalonjeza ntchito, ukwati ndi machiritso kwa amene apereka ndalama ya mbewu kapena kugula madzi ndi mafuta odzozera. Munthu wothedwa nzeru amapita, ndipo sitiyenera kumuseka, chifukwa ululu umayendetsa munthu. Koma chozizwitsa chikapanda kuchitika amamuuza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Amabwerera kunyumba alibe ndalama, alibe ntchito, ndipo tsopano akukayikanso ngati Mulungu amamukonda. Ena afika posiya kumwa mankhwala a kuchipatala atauzidwa kuti achira. Ife amene timapachika mtanda pakhomo la tchalitchi sitingalonjeze moyo wopanda mtanda. Mwini wake wa Eklezia anaunyamula.

Chachinayi, sichinena kuti tipinde manja n'kumati ndi kufuna kwa Mulungu. Ambuye Dennis de Jong, amene anatsogolera dayosizi ya Ndola kuyambira mu 1975 mpaka pamene anamwalira mu 2003, ankadziwika polankhulira osauka mopanda mantha. Pamene ngongole ya dziko lino inafika pafupifupi madola mabiliyoni 7, Eklezia Katolika pamodzi ndi mipingo ina inatsogolera ntchito ya Jubilee 2000 yopempha kuti ngongoleyo ifafanizidwe, ndipo kuyambira mu 2005 gawo lalikulu linakhululukidwa. Vuto limene lingathe kuchotsedwa, Mkhristu ayenera kulimbana nalo. Mtsinje ukaipitsidwa tifunse mafunso. Malipiro a opuma ntchito akachedwa tilankhule. Kupirira n'kwa zimene sitingathe kuzisintha, ndiponso n'kotipatsa mphamvu pamene tikumenyera zimene zingasinthike.

Tsono chimwemwe chimachokera kuti?

Kalata ya Paulo Woyera kwa Afilipi imakamba za chimwemwe mobwerezabwereza, chonsecho anailemba ali m'ndende. Mu mzinda womwewo wa Filipi, monga timawerengera pa mutu 16 wa Ntchito za Atumwi, Paulo ndi Silasi anakwapulidwa n'kutsekeredwa, koma pakati pa usiku ankapemphera ndi kuimba, akaidi anzawo akumvetsera. Zilonda zinalipo ndipo zinkawawa. Chimene chinawaimbitsa n'chakuti ankadziwa kuti sali okha m'ndendemo.

Apa ndiye pagona nkhani. Chisangalalo chimabwera ndi malipiro n'kupita ndi malipiro. Chimwemwe cha Mkhristu chimachokera podziwa kuti Mulungu analowa m'mavuto athu ndipo sanatulukemo n'kutisiya. Ambuye atauka kwa akufa anaonetsa Tomasi mabala a m'manja ndi a m'nthiti. Kuuka sikunafafanize mabalawo, koma sanalinso mabala a imfa. Ndi zimene timakumbuka Lachisanu lililonse la Lenti tikamayenda Njira ya Mtanda, ndiponso pa Misa iliyonse. Pamene mkate ndi vinyo zikupita ku guwa, amayi amene sanagone chifukwa cha mwana wodwala, bambo amene wayenda mwezi wonse ndi makalata ofunsira ntchito, onse ali ndi choika pa guwapo. Ululu umene waperekedwa kwa Khristu sukhalanso ululu wotayika.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anachita Misa kuno ku Kitwe pa 3 May 1989, ankalankhula zimenezi akuzidziwa m'thupi mwake. Anawomberedwa ndi mfuti pa 13 May 1981, ndipo mu December 1983 anapita kundende kukacheza ndi munthu amene anamuwomberayo, atamukhululukira kale. Patangopita milungu yochepa, mu February 1984, analembera Eklezia yense kalata yonena za tanthauzo la kuvutika kwa Mkhristu. M'kalatamo anaphunzitsa zinthu ziwiri zoyendera limodzi: kuti wovutika angathe kuphatikiza masautso ake ndi a Khristu, ndiponso kuti masautso a mnzathu ndi kuitana kwa ife kuti tikhale ngati Msamariya wachifundo uja. Amene munali pa Misa ija mukukumbuka kuti nthawiyo unga unali wosowa, koma anthu anayenda mitunda italiitali ndi miyendo, akuimba.

Zimene mavuto anatiphunzitsa

Ife a ku migodi tikudziwa kuti mkuwa sutuluka pansi uli wonyezimira. Umatuluka uli mwala, umaphwanyidwa, umaperedwa, umalowa m'ng'anjo. Sindikunena kuti Mulungu ndiye amasonkha moto wa mavuto athu; ambiri mwa mavutowo amabwera ndi umbombo, kusasamala ndi kulakwa kwa anthu. Koma moto ukayaka, Mulungu amadziwa kutulutsamo chinthu chamtengo. Tiyeni tione zimene zinatuluka mwa ife.

Maepiskopi a AMECEA anagwirizana mu 1973 kuti miphakati, imene abale athu amati ifitente, ikhale maziko a Eklezia m'chigawo chino cha Afrika. Pamene kampani inkatichitira zonse, ambiri tinkaona mphakati ngati msonkhano wa amayi ndi okalamba. Kampani itachoka m'pamene tinazindikira kuti mutu umodzi susenza denga. Bokosi la maliro limene kale linkachokera ku mgodi linayamba kuchokera m'zopereka za mphakati. Nkhuni, unga, ndiwo za pa maliro, galimoto yopita kumanda, zonse zinkasonkhedwa ndi anthu amene nawonso analibe. Tinaphunzira kudziwana maina, kudziwa nyumba imene sinafuke utsi, ndi kutumiza mwana ndi mbale yovindikira popanda kuchititsa munthu manyazi.

M'zaka za m'ma 1990, mankhwala otalikitsa moyo asanafike kwa anthu wamba, dayosizi ya Ndola inayambitsa ntchito yosamalira odwala kunyumba. Amene anaigwira ambiri anali amayi a m'miphakati, osalipidwa. Ankasambitsa odwala amene abale awo enieni ankaopa kuwakhudza, kuwaphikira phala, kuonetsetsa kuti odwala TB amwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndi kukhala pambali pawo mpaka mpweya womaliza. Ena mwa amayiwo ali pakati pathu lero, tsitsi lachita mbuu. Ena anagona. Mukawafunsa amoyowo za nthawi imeneyo amagwetsa misozi, koma amanenanso kuti sanayambe amuonapo Khristu pafupi ngati m'masiku amenewo. Chimenecho ndicho chimwemwe chimene ndikunena. Sichiseka mokweza, koma sichitha.

Tinaphunziranso kuimira amasiye. Ambiri tinaona achibale akubwera pa maliro ndi galimoto yonyamulira katundu, kusiya mayi ndi ana pa simenti. Lamulo la dziko lino la 1989 lokhudza chuma cha munthu womwalira osalemba wilu limati magawo 50 pa 100 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Koma lamulo lili pa pepala. Pa maliro pamafunika anthu olimba mtima oti akhale pa khonde mpaka zokambirana zithe. Akhristu a m'miphakati anaphunzira kuchita zimenezo, ndipo ana ambiri anakulira m'nyumba za makolo awo chifukwa cha iwo.

Ndipo mapemphero athu anasintha. Munthu amene sanavutikepo amapemphera ngati akuitanitsa katundu m'sitolo. Amene wadikira zaka, wapempha osalandira, koma akubwerabe pa Misa ya m'mawa ndi kolona m'manja, ameneyo wafika pomufuna Mulungu chifukwa ndi Mulungu. Kukula mu uzimu n'kumeneko. Sikuonekera pa chovala. Kumaonekera pa kudekha, pa kuchedwa kuweruza ena, ndi pa kufulumira kukhululuka.

Ndinene chilungamo: mavuto sakulitsa aliyense. Moto womwewo umene umayenga mkuwa umapsereza nkhuni. Tili ndi abale amene kuchotsedwa ntchito kunawalowetsa m'kachasu, maukwati amene anasweka ndalama za penshoni zitatha, ndi ena amene anataya mtima mpaka kudzichotsera moyo. Sitili pano kuti tiwaweruze. Kawirikawiri kusiyana kwa amene anaima ndi amene anagwa sikunali kuchuluka kwa mapemphero, koma kuti wina anali ndi munthu womugwira dzanja, winayo analibe. Funso limeneli libwerere kwa ife: tinali kuti?

Jubili ndi ntchito

Mu 2025 Eklezia yense anali m'Chaka Choyera cha chiyembekezo, chimene Papa Fransisko anatsegula pa 24 December 2024, miyezi inayi asanamwalire. Dayosizi yathu nayo inakwezedwa mu 2024 kukhala arkidayosizi, motsogozedwa ndi Ambuye Benjamin Phiri. Zifukwa zothokozera zilipo zambiri. Koma pa mutu 25 wa buku la Levitiko, chaka cha 50 sichinali cha phwando lokha. Chinali chaka chomasula amene anadzigulitsa chifukwa cha umphawi ndi kubwezera mabanja minda imene anataya. Jubili inali mwayi woti wogwa ayambirenso. Motero ndikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, za ngongole. Ngati pali Mkhristu mnzanu amene munamukongoza, ndipo mukudziwa mumtima kuti sangathe kubweza popanda kugoneka ana ndi njala, ganizirani zomumasula chaka chino. Ndipo pakati pathu pasapezeke wokongoza kaloba amene amasunga khadi la ku banki la mnzake. Tilimbikitse chilimba ndi magulu osungitsa ndalama m'miphakati, kuti munthu akapanikizika ayambe wagogoda kwa abale.

Chachiwiri, za amene anachoka. Mphakati uliwonse ukudziwa maina a amene sitiwaonanso: wina anachita manyazi atasowa chovala, wina ukwati unasokonekera, wina anapita kofuna zozizwitsa, wina tinamulankhula mawu olasa. Tisadikire maliro awo kuti tikaimbe. Tipite awiriawiri, osanyamula mlandu, tikangowauza kuti malo awo alipo.

Chachitatu, za achinyamata. Black Mountain ndi mulu wa zotsalira za m'ng'anjo zimene zinatayidwa kwa zaka zambiri ngati zopanda ntchito, koma pambuyo pake anthu anazindikira kuti muli mkuwa ndi kobati. Ana athu ambiri amadziona ngati otayidwa chomwecho. Anamaliza sukulu, ena ku koleji ndi ku yunivesite, koma tsiku limawathera pa kubetcha mpira pa foni. M'parishi muno muli akalipentala, amakanika, a zamagetsi, osoka, anamwino ndi aphunzitsi opuma. Aliyense atenge wachinyamata mmodzi amuphunzitse ntchito ya manja ake. Luso limene mupite nalo kumanda silidzathandiza munthu. Ndipo inu achinyamata, musachite manyazi kunena kuti zinthu zakuvutani. Kukamba ndi wansembe, mlangizi kapena dokotala pamene mtima walema si kufooka.

Chachinayi, za okalamba ndi odwala amene sangathenso kufika pano. Iwowa ndiwo ananyamula njerwa za nyumba ino. Tiwapititsire Ukaristiya, tiwapititsirenso nkhani ndi kanthu kodya. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Abale ndi alongo anga, tsono ana athu akatifunsa chifukwa chimene tikuvinira, yankho lathu ndi ili. Sitinaiwale. Tikukumbuka maina onse, ndipo tiwatchula pa Misa ya oyera mtima amene anatitsogolera. Tikuvina chifukwa mgodi unagulitsidwa, mitengo inakwera, matenda anabwera, koma nyali ya pa tabernakulo sinazime, ndipo pakhomo la wovutika panapezeka wogogoda. Zaka 50 zikubwerazi zidzakhala ndi mavuto akeake, amene sitingawadziwe lero. Amene adzaime pano pa chikondwerero cha zaka 100 adzaweruza ngati tinawasiyira nyumba yokha kapena tinawasiyiranso mtima wonyamulirana katundu.

Amayi Maria, amene anaima pansi pa mtanda osathawa, atipempherere. Mulungu adalitse parishi yathu, adalitse ansembe athu, adalitse ogwira ntchito pansi pa nthaka ndi onse ofuna ntchito, ndipo apatse mpumulo wosatha onse amene anatisiya.

 Atamandike Yesu Khristu!